Za Diresi Lija Sindipepesa

Lachinayi, 16 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ababa ndi onse pakhomopo. Ife kuno tadzuka. Mdzukulu wanu wadya bwino masana ano mpaka kunyambita supuni, ndipo pano wagona, makina ake akumuthandiza kupuma. Ndiye ndapeza kampata koti ndilembe. Mukhululuke zilembo zokhotakhotazi, ndikulembera pabondo.

Pa foni paja munayankhula nthawi yaitali, ine ndinangoti "ndamva", inu n'kudula muli okhutira kuti nkhani yatha. Amayi, kumva ndinamvadi, koma sindinavomere. Mukundidziwa ine, munthu wamkulu akamayankhula mawu anga amathera pammero. N'chifukwa chake ndatenga pepala, poti ilo silindidula mawu.

Mwauzidwa kuti ndinamenya apongozi anga aakazi dzanja pamaso pa anthu, ndinadula diresi limene anasokera mdzukulu wawo, kenaka ndinawanenera kwa anamwino. Zonsezo n'zoona, palibe amene wandinamizira. Mwauzidwanso kuti ndikangopepesa, apongoziwo abwerera kuchipatala kuno kudzamaliza maphunziro, mwana n'kutuluka kupita kunyumba. Izonso n'zoona. Koma sindipepesa, ndipo ndikupempha kuti inu ndi amalume musanyamuke ulendo wokandipepesera. Werengani kaye mpaka kumapeto, mundikalipire pambuyo.

Paja inu munamuona komaliza ali kakhanda, asanamuboole pakhosi, ndipo zimene ndimakuuzani pa foni ndi zakuti "ali bwino" basi. Lero ndifotokoze. Mwanayu njira yake ya mpweya ndi yopapatiza, mapapo akenso ndi ofooka. Amapumira pakapaipi kamene kali pakhosi, kopindika, kosaposa chala changa chaching'ono, komangidwa ndi tizingwe tozungulira khosi. Akakhala maso amapuma yekha, akagona timamulumikiza ku makina. Kapaipiko kakatsekeka kapena kakatuluka, alibe kwina kopumira kokwanira. Chimene anthu ambiri sachimvetsa n'chakuti mwanayu alibe mawu. Akamalira mumaona misozi ndi kukamwa kuli yasa, koma phokoso ayi. Akafuna munthu amamenya supuni pachitsulo cha bedi, ndipo amamenya mwaukali moti anamwino anamupatsa dzina lakuti Kapitawo. Wodi yonse imamutchula choncho, ine ndemwe ndazolowera.

Lamulo la kuno ndi lakuti mwana wotere satuluka mpaka anthu awiri a m'banja ataphunzira kumusamala, aliyense ndi manja ake. Mmodzi sakwanira, chifukwa mmodziyo amasamba, amadwala, amapita kumsika. Komanso posintha kapaipi pamafunika wina wogwira mutu. Bambo ake anayesa. Munthu wowotcherera zitsulo tsiku lonse osaphethira, koma ataona kabowo ka pakhosi pa mwana wake anatuluka thukuta n'kukhala pansi. Ngakhale akanalimba mtima, masana onse amakhala kuntchito. Ndiye apongozi anadzipereka okha, popanda wowapempha.

Pano ndinene chilungamo, chifukwa sindikufuna muganize kuti ndikulemba za munthu woipa. Apongozi anga ankatseka shopu yawo yosokera masana aliwonse n'kubwera kuno. Sanajombepo. Manja a telala ndi manja ena, Amayi. Kumanga tizingwe moti pangolowa chala chimodzi, iwo anatha tsiku loyamba, pamene ine ndinkamanga mothina kapena molekerera mpaka kulira. Anaphunzira kukoka makhololo ndi makina osachita nseru. Ankandibweretsera chakudya chotentha, n'kundiuza kuti ndikagone pabenchi lapanja iwo aone mwana. Ndinkawakonda, ndipo sindinasiye.

Amene amatiphunzitsa ndi namwino wamkulu, mayi wamfupi wa mawu ngati wamwamuna. Azimayi a muwodi timawatchula a Sambani, chifukwa moni wawo ndi womwewo, "Mwasamba m'manja?" Amayamba kutiphunzitsa pachidole chokhala ndi bowo pakhosi. Anationetsa kutsuka pabowo, kusintha kapaipi, kupopa mpweya ndi chibaluni cha m'manja magetsi akathima. Anatipatsa chikwama chofiira chimene chimayenda ndi mwana kulikonse, muli kapaipi kena, tizingwe ndi sizasi. Zonsezo manja anga anagwira msanga. Chimene chinandivuta ndi pakamwa.

Tsiku lina anagoneka chidole patebulo, apongozi ali pambali panga, azimayi ena ataima mozungulira.

"Kapaipi katuluka," anatero a Sambani. "Mwaona ndinu, amake Kapitawo. Auzeni agogo chochita."

Ine ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Amayi, mwina ngati n'kotheka mungandithandizeko kugwira..."

"Basi, imani pomwepo. Mwana wathera pa 'mwina' paja. Bweretsani chidole china, ichi chapita."

Anthu anaseka. Apongozi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. "Lamula, mwana wanga," anatero. "Ine sindiluma. Mano enieniwo atsala angati?"

A Sambani sanandisiye. Anandiimika kumapeto kwa khonde, iwo n'kukaima kumapeto kwina, n'kundiuza kuti ndizikuwa kuti "Gwirani mutu" mpaka amve. Ndinayamba ngati udzudzu. Iwo ankangoika dzanja kukhutu. Ndinabwereza, ndinabwereza, mpaka mawu anatuluka amene sindinkadziwa kuti ndili nawo, moti bambo wokolopa anasiya chikolopa n'kudzigwira mutu. Tsiku limenelo a Sambani anatiuza tonse awiri, atatigwira mapewa, kuti pa mpweya wa mwana palibe mpongozi, palibe dokotala, palibe m'busa, pali amene waona ndi amene akuthandiza. Apongozi anavomera, inenso ndinavomera. Pachidole zinali zosavuta kuvomera.

Tsopano za diresi. Masana ena tinatuluka naye Kapitawo kukakhala pakapinga kuseri kwa wodi kuti aone dzuwa. Panadutsa mayi wina ndi kamwana kake. Kamwanako kanaima n'kuloza pakhosi pa Kapitawo, mayi uja n'kukaphimba m'maso ndi dzanja, n'kukakoka ngati aona ngozi ya pamsewu. Ine zotere ndinazolowera. Apongozi zinawalasa. Anati, "Mdzukulu wanga sakakhala choonetsa mumsewu mwathu."

Patapita sabata anabwera ndi pepala lokulunga. Munali diresi lachikasu, losokedwa ndi manja mpaka mpendero, loti akavale tsiku lotuluka. Sindinaonepo chovala chokongola chotero. Kolala yake inali yoimirira mpaka kuchibwano, ya lesi, ndipo kumbuyo kwa khosi kunali timabatani tambiri tokutidwa ndi nsalu, tolowa m'timabowo ta ulusi.

"Nsalu yake ndi yopyapyala, mpweya uzilowa," anatero. "Palibe amene adzadziwe."

A Sambani anali atatiuza kale kuti pakhosi pa mwana pazioneka nthawi zonse. Ndinati, "Kolalayo siyatalika?" koma ndinanenera m'chifuwa.

"Wati chani?"

"Ndati ndi lokongola."

Mumtima ndinati ndidzalibisa pansi pa chikwama, kapena ndidzanama kuti lamuthina. Nzeru za munthu wamantha. Pamenepo ndiye ndinalakwa, Amayi, ndipo ngati pali pepani amene ndili naye ndi wa pamenepo, koma mwini wake ndi mwana wanga.

Mwana asanatuluke, banja limakhala naye masiku angapo m'chipinda cha kumapeto kwa khonde. Muli bedi, mpando wautali, mpopi ndi belu pakhoma. Mumakhala ngati muli kwanu, anamwino salowa pokhapokha mutadina belulo. Mukadutsa bwino pamenepo, basi, mwatuluka. Tinalowa ine, apongozi ndi Kapitawo, ndipo zonse zinkayenda bwino. Mawa lake masana kunabwera alendo awiri, azakhali a bambo ake ndi alamu anga aakazi. Ine ndinatenga botolo la makina okokera makhololo kukalitsuka kuchipinda chotsukira, mwana n'kumusiya ndi agogo ake. Zimenezo n'zololedwa, ndiyo ntchito ya munthu wachiwiriyo.

Pobwerera ndinamva kuseka ndikadali pakhonde. Nditatsegula chitseko ndinapeza Kapitawo atamuimika pabedi, atavala diresi lija, alamu akumujambula ndi foni.

"Tamuonani," anatero azakhali. "Ngati mwana wabwinobwino."

Pali kachipangizo kamene timamuveka pachala, kamalira mpweya ukachepa m'thupi. Anali atakavula kuti dzanja lilowe m'diresi, n'kuiwala kukabwezera. Ine diresilo sindinaliyang'ane, ndinayang'ana nkhope. Maso anali atawatong'olera kwa ine, kukamwa yasa, mapewa akukwera ndi kutsika, tizala tikukanda pachifuwa.

"Akuchita manyazi ndi foni," anatero alamu.

Milomo yake inali itayamba kutuwa ngati phulusa.

Botolo lija sindikudziwa kumene linagwera. Ndinamugoneka chagada, n'kupinda thaulo pansi pa mapewa monga tinaphunzirira. Apongozi nawo anaona, sindingawanamizire. Anamutembenuza pang'ono n'kuyamba kumasula timabatani tija, kamodzikamodzi, ndipo timabatanito tinkakana. Ine ndinasolola sizasi m'chikwama chofiira. Ataiona anati, "Dikira, ndimasule. Dikira, usadule," n'kuika dzanja pakolala. Dzanja limenelo ndi limene ndinamenya. Linalira kuti phaa, chipinda chonse chinamva. Ndinadula diresi kuyambira pachibwano mpaka pamimba.

Kapaipi kanali katatuluka, katagona chammbali pansi pa lesi. Kolala inakakankha pomanga mabatani, ndipo panalibe amene akanaona chifukwa inali itaphimba.

"Gwirani mutu!" ndinatero, ndi mawu a pakhonde aja.

Anagwira. Ndipo anagwira bwino, Amayi, mosagwedezeka, chibwano m'mwamba, ndendende monga anaphunzirira. Ndinadula tizingwe, ndinatenga kapaipi katsopano. Koyamba kanakana, kachiwiri kanalowa. Ndinakoka makhololo, ndinapopa chibaluni, chifuwa chinakwera. Pang'ono ndi pang'ono milomo inabwerera. Chinthu choyamba chimene Kapitawo anachita atapeza mphamvu ndi kundimenya kachibakera pamphuno.

Ndinauza alamu kuti adine belu. Azakhali anaima kutsogolo kwa belulo.

"Belu la chani, mwana wapuma kale?" anatero. "Anamwino akabwera atilepheretsa, tiyambirenso. Izi zithere muno. Ndani alibe chinsinsi cha m'nyumba?"

Ndinayang'ana apongozi kuti mwina anenapo kanthu. Anali atakhala pampando, chidutswa cha kolala chili pamiyendo, akuchisalaza ndi chikhatho. Ndinati, "Azakhali, tasunthani." Sanasunthe. Ndinatambasula dzanja pamwamba pa phewa lawo n'kudina.

A Sambani anabwera, anamuyeza mwana, anamumvetsera pachifuwa, anaona tizingwe. Atatha anafunsa chimene chachitika. Azakhali anati anangotsamwa pang'ono. A Sambani anayang'ana diresi lodukalo, n'kuyang'ana ine. Ndinanena zonse, kuyambira tsiku limene ndinaliona diresilo n'kulitamanda.

Sanakalipe. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi apongozi. "Agogo, palibe amene wakuchotsani," anatero. "Chipinda chino chilipo chifukwa cha zomwezi, kuti cholakwika chilakwikire pafupi ndi belu. Mubwereza masiku a muno. Koma musanabwereze, mudzandiuze ndi pakamwa panu chimene chinalakwika, kuti ndidziwe kuti tikuona chinthu chimodzi."

Apongozi anaimirira. Anatenga diresi lija, analipinda bwinobwino ngati la kasitomala, n'kuliika m'chikwama. Sanayankhe a Sambani, anayankha ine. "Chibadwire sindinamenyedwepo ndi mwana," anatero. "Ndinatseka shopu chifukwa cha iwe." Anatuluka, alendo aja pambuyo pawo. Ife tinabwerera pabedi lathu lakale muwodi, ndi pamene tili mpaka lero.

Lamlungu lotsatira bambo ake a Kapitawo anabwera ndi malalanje. Anasewera ndi mwana, kenaka anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kusenda lalanje osandiyang'ana.

"Amayi sakudya," anatero. "Ungonena pepani. Ndi liwu limodzi lokha."

"Ndipepese kuti ndinatani?"

"Kuti unapsa mtima."

"Sindinapse mtima."

"Ndiye unene kuti unachita mantha. Chilichonse. Iwe sukufuna mwanayu akagone kwawo?"

"Za kolala akuti bwanji?"

Anasenda lalanje lonse asanayankhe. "Akuti ukanangodikira pang'ono. Akuti mabatani anali atatsala awiri okha."

Amayi, nkhani yonse yagona pa mawu amenewo. Si dzanja ayi. Mpaka lero apongozi anga akukhulupirira kuti panali nthawi yomasula mabatani. Ndikagwada n'kunena pepani, ndiye kuti tagwirizana kuti ndikanadikira. Abwera, auza a Sambani mawu amene a Sambani akufuna kumva, tituluka. Kunyumba kulibe belu. Tsiku lina ine ndidzakhala kumsika, iwo okha ndi mwana, kukubwera alendo a kutchalitchi, ndipo kampango kakang'ono pakhosi sikadzaoneka ngati kanthu. Kapena ndidzakhalapo, koma dzanja langa lidzakumbukira kuti linapepesa, n'kuchedwa. Ine ndaona kuchedwa kumene mwanayu angakwanitse. N'kochepa kuposa mabatani awiri.

Ndinawauza bambo ake kuti akanene izi kwa amayi awo: ndingathe kupita ndi maondo kuchokera pageti mpaka pakhomo pawo kukawathokoza chifukwa cha mmene anagwirira mutu, poti popanda iwo kapaipi sikakanalowa. Ndingathe kuwachapira ndi kuwaphikira moyo wanga wonse. Koma pepani wa dzanja lija ndilibe. Uthenga anakapereka. Yankho linabwera lakuti zikomo wanga ndimusunge.

Pabedi loyandikana nafe pali mayi wina amene mwana wake alinso ndi kapaipi. Timamutchula Wailesi, chifukwa akatsegula pakamwa m'mawa amatseka pogona. Iye akuti ndapenga.

"Iwe, pepani ndi sopo kuti akutha ukamugwiritsa ntchito?" anatero. "Ine apongozi anga ndimawapepesa m'mawa uliwonse ndisanalakwe, kusungiratu. Nena pakamwa, mumtima uziimba nyimbo zako."

Ndinaseka, n'kumufunsa ngati apongozi akewo ndi amene amasala ndi mwana iye akachoka. Anati ayi, wachiwiri wake ndi mng'ono wake, amene amamutukwana mmene akufunira. Ndinati ndiye usandiphunzitse kusambira uli pamtunda. Anangondigawira tiyi.

Musaganize kuti sindikudziwa mtengo wa kukana kwangaku. Nyengo yozizira yayandikira, ndipo muwodi muno mukayamba chifuwa chimayenda bedi ndi bedi. Chaka chatha Kapitawo anachitenga, anakagona kuchipinda cha odwalitsitsa, ine ndikumuonera pagalasi. Adokotala anena poyera kuti kunyumba angatetezeke kuposa kuno. Kunyumbako zonse zakonzeka. Bambo ake anapaka laimu m'chipinda, anaika soketi pafupi ndi bedi, anawotcherera kashelefu ka makina ndi manja awo. Mwanayu tinamuuza kuti akupita kwawo, tinamugulira nsapato. M'mawa uliwonse amaziloza, ndimuveke, akhale nazo pabedi miyendo ili lende kuyang'ana kukhomo. Masana ndimamuvula. Azakhali aja akuuza anthu kuti ndikusunga mwana m'chipatala chifukwa cha mwano. Nthawi zina ndikamamasula nsapatozo ndimadzifunsa ngati sakunena zoona. Ndiye ndimayang'ana milomo yake, ili yofiira bwino, n'kupitiriza kumasula.

Za ine musadandaule. Mpando wa pambali pa bedi ndinauzolowera, msana umangovuta podzuka. Ndikudya. Bambo ake Lamlungu lapitali sanabwere, akuti kuntchito kwachuluka maoda. Mwina n'zoona.

Munandilera kuti mkazi aziyankhula maso ali pansi, aziyamba wamva kenaka n'kuyankha, ndipo sindikukudandaulani. Zinandithandiza malo ambiri. Anthu ankati mwana wa mayi uja ndi waulemu, inu n'kumanyadira, inenso n'kumakondwa. Pa foni munandikumbutsa kuti mawu a akulu akoma akagonera. Ndi zoona, Amayi, koma mpweya sugonera. Mulungu anandipatsa mwana wopanda mawu, ine mayi wake wosayankhula, ndiye mmodzi wa ife anayenera kusintha. Iye sangathe.

Tsopano pempho langa. Ndinafunsa a Sambani ngati munthu wachiwiri angakhale mayi anga ondibala. Anati aliyense wamkulu amene adzagone m'nyumbamo, bola maso aziona, manja azigwira, ndipo akhale woti angauzidwe. Ndikudziwa zimene ndikupempha. Ndikudziwa za malonda anu, za miyendo ya ababa, ndiponso kuti mukabwera kwa apongozi kudzaphulika moto wina, adzati ndawalowetsa m'malo. Sindikuwalowetsa m'malo. Malo awo alipo tsiku lililonse limene angabwere kudzayankha funso la a Sambani, ndipo anthu atatu ophunzira aposa awiri. Koma sindingaimike moyo wa mwana pakhomo pawo kudikira kuti mtima wawo uphwe.

Mukakana sindikwiya. Ndidikira, ndifunafuna wina, nyengo yozizirayo tilimbana nayo konkuno. Koma mukavomera, musabwere ndi amalume, musabwere ndi mawu okonza. Mubwere ndi magalasi anu a maso, zikhadabo mutawenga, mafuta onunkhira ndi paudala musiye kunyumba chifukwa zimamutsamwitsa. Ndipo ndikuuzirenitu pano, kuti musadzati sindinanene. Ndidzakulamulani, Amayi. Ndidzakukuwirani pamaso pa anthu. Dzanja lanu likadzakhala pamene siliyenera kukhala, nalonso ndidzalimenya, ndipo sindidzapepesa. Muganize bwino musanakwere basi.

Mundiperekere moni kwa ababa, muwauze azikweza miyendo pamtsamiro monga anawauzira kuchipatala, asamangovomera pakamwa. Amalume muwathokoze chifukwa chofuna kundivutikira, muwauze kuti ulendowo ausunge, adzabwere tsiku lodzaona mwana kunyumba. Achemwali ndi ana awo onse moni. Kapitawo wadzuka, akukoka pepalali, ndiye mzere wokhota uli m'munsimu ndi moni wake.

Apongozi akakuimbiraninso, musakangane nawo, ndipo musawapepese. Muwapatse moni wanga. Muwauze kuti ikakwana nthawi imene ankafika masana, mdzukulu wawo amasiya chilichonse n'kukhala tcheru kumvetsera mapazi pakhonde. Inenso ndimamvetsera.

Ndine mwana wanu,
Amake Kapitawo